Mlendo wa Kumwamba ndi Phiri la a Chimbalanga

Munthu akhoza kuyenda mpaka pasipoti kudzaza zidindo, kukwera ndege mpaka kumagona isananyamuke, kudya m'mahotela momwe mafoloko amachuluka kuposa ndiwo, koma ngati sanapondepo m'dziko la Ationabwanji, ameneyo azikhala chete anthu akamakamba za kulandira alendo. Ife amene tayenda tikudziwa. Maiko ena ali ndi golide, ena ali ndi mafuta, ena ali ndi madoko odzaza sitima. Ationabwanji anali ndi tsache ndi njereza.

Mwambo wake unali wotere. Kukangomveka kuti kukubwera mlendo, kaya ndi kazembe, kaya ndi bishopu, kaya ndi munthu wongosochera koma wovala taye, dziko lonse linkadzuka ndi matsache. Ankasesa msewu umene mlendoyo adzadutse, n'kusesanso pamene maso ake angafike akatembenuza khosi. Akatero ankasungunula njereza m'migolo n'kupaka miyala yonse ya m'mbali mwa msewu, matsinde a mitengo mpaka m'chiuno, ndi mapolo a magetsi omwe, ngakhale kuti magetsiwo anali atathima kalekale. Galu akagona nthawi yaitali pafupi ndi msewu, ankadzuka ali mbuu.

Mlendo wamkulu kuposa onse m'dzikomo anali mwini wake, Mfumu Mwandionapo Wachiwiri. Kulikonse kumene mfumuyi inkapita, opaka njereza ankakhala atadutsako kale dzulo lake. Mpanda wa nyumba yachifumu unali wautali, ndipo makatani a galimoto yake ankatsegulidwa pokhapokha pamene papakidwa. Motero chibadwire, mfumuyi inali isanaonepo mwala wofiirira. Inkakhulupirira ndi mtima wonse kuti m'dziko mwake miyala imabadwa yoyera, ndipo inkawamvera chisoni mafumu anzake a kumaiko a miyala yakuda. Panalibe lamulo loletsa kuiuza zoona ayi. Kungoti nduna ina itayesapo, inakwezedwa pa ntchito, n'kutumizidwa kukakhala kazembe ku dziko lina kumene ndege imangopita koma sibwerako.

Woyendetsa ntchito yonseyi anali a Zakeyu Chimbalanga, Nduna Yoona za Kulandira Alendo, munthu wamfupi amene mimba yake inkayamba kulowa m'chipinda eni ake akadali pakhomo. Iwowa anayamba ngati wonyamula chidebe cha njereza, n'kukhala wogwira burashi, n'kukhala woloza pamene burashi idutse, mpaka kufika pampando wa unduna. Thukuta la moyo wawo wonse linathera pa chinthu chimodzi: nyumba yosanja ya malata ofiira, ya khonde lozungulira, imene anamanga pamwamba penipeni pa phiri la Ndionereni, moyang'anizana ndi mzinda waukulu wa Sesapanja. Pa phiri lonselo panalibenso nyumba ina. Madzi ankavuta, msewu unali wokhotakhota, koma aliyense wa mumzinda akatukula mutu ankaiona. A Chimbalanga ankakonda kunena kuti nyumba imene anthu saiona ndi khola chabe.

Tsiku lina mfumu inaitanitsa bwalo la nduna, ndipo pambali pake panakhala mayi wina wachilendo wa magalasi. Anali Dokotala Esinati Kalitsiro, mwana wa m'dziko momwemo, amene anali atangobwera kumene kuchokera kunja komwe anaphunzira kuwerenga zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga.

"Mwinidziko," anayamba Dokotala atagwada n'kuwomba m'manja, "kumwamba kwenikweni, kupitirira kumene ndege zimadutsa, kuli makina otchedwa setilaiti. Amazungulira dziko lapansi akujambula. Amaona mitundu ya kuwala imene diso la munthu silitha kuona, ndiye pa zithunzi zake ife timazindikira kuti apa pali nkhalango, apa madzi, apa nthaka yachonde, apa mwala wamtundu wakutiwakuti. Tikalumikiza zithunzizo tidzakhala ndi mapu a chuma chonse chimene Mulungu anaika m'dziko lino."

"Ndiye kuti akubwera kudzationa?" inafunsa mfumu.

"Adutsa pamwamba pathu, Mwinidziko."

"Wodutsa pakhomo ndi mlendo. A Chimbalanga!"

"Wawa, Mwinidziko!"

"Mwamva nokha. Nanga mlendoyu amadya chiyani, mwana wanga?"

Dokotala anakonza magalasi. "Mphamvu zake amazitenga ku dzuwa, Mwinidziko."

"Limenelo tili nalo lambiri. Mum'patse lonse."

A Chimbalanga anali atayamba kale kuwerengera migolo m'mutu. "Pepani a Dokotala, Mlendoyu adzera msewu uti? Wa ku bwalo la ndege kapena wa kumpoto?"

"Sadzera msewu, a Nduna. Amaona dziko lonse nthawi imodzi."

"Lonse?"

"Lonse."

"Ndi kuseri komwe?"

"Ndi kuseri komwe. Ndipo ndikupempha chinthu chimodzi chokha, akuluakulu. Musakhudze kanthu. Musasese, musasunthe, musakonze. Tikufuna dziko lijambulidwe monga momwe lilili."

Bwalo linaphulika ndi phwete. Nduna Yoona za Nyimbo Zotamanda inaseka mpaka kugwetsa ndodo. "Mwanayu sukulu yamuwononga," inatero ikupukuta misozi. "Akufuna mlendo atipeze tisanasambe."

Koma a Chimbalanga sanaseke. Zaka zonsezi iwo ankapaka za m'mbali mwa msewu zokha. Kuseri kwa dziko kunali kusanaonepo burashi chilengedwere.

Lamulo linatuluka tsiku lomwelo. Aliyense asese pakhomo pake, kuseri kwa nyumba yake, ndi padenga. Ku nkhalango ya Kunalimitengo, kumene owotcha makala anasiya zitsa zokhazokha, anthu anazika nthambi za mango zodula, mizeremizere ngati asilikali. Mumtsinje wa Unkayenda, umene unauma anthu atalima mpaka m'madzi, anayalamo mapepala apulasitiki abuluu n'kuwatsindira ndi miyala, miyalayonso n'kuipaka njereza. Ng'ombe zinali zochepa, ndiye a Chimbalanga anakonza zoti zizithamangitsidwa kuchoka chigawo china kupita china kuti Mlendo aziwerenge kangapo. Atakumbutsidwa kuti Mlendo amaona konse nthawi imodzi, analamula kuti kumene ng'ombe zaperewera, mbuzi ziime motalikirana ndipo zidzitukumule.

Ku msika wa Tamvakale, a Jailosi a kabaza anatsamiritsa njinga yawo pa benchi ya Mayi Nasibeko ogulitsa tomato.

"Asisi, mwamva? Akuti tisese ndi padenga pomwe."

"Denga langa ndi laudzu, achimwene. Ndikasesa, ndigona pamtetete."

"Akuti mlendo wake ameneyu amaona chilichonse. Ngakhale chobisika."

"Aone ndithu. Mwina atipezera mlatho uja anautsegula chaka chatha usanamangidwe."

Asanamalize kuseka, galimoto ya a Nduna inaima, ndipo a Chimbalanga anatsika mimba ili patsogolo. Anayendera mabenchi manja ali kumbuyo, n'kuima pa Mayi Nasibeko.

"Amayi, tomato wofewayu mum'bise. Mlendo asamuone."

"Bwana, ndim'bise kuti, poti akuti akuona paliponse?"

"Mumuike pansi pa wabwinoyo, monga mumatichitira ife ogula."

"Ooo," anatero mayiwo akuyamba kusanja. "Kani boma limaphunzira kwa ife. Ine ndimati ife ndi amene timaphunzira kwa boma."

A Chimbalanga anamva ngati ayamikiridwa, n'kukwera galimoto akumwetulira.

Ntchito yoposa zonse anaisungira kwawo. Phiri la Ndionereni linali la miyala yokhayokha, ina yaikulu ngati nyumba. A Chimbalanga anaima pakhonde n'kudzifunsa: Mlendo akasuzumira pansi, choyamba kumugwira diso chikhale chiyani? Yankho linali pansi pa mapazi awo. Anasonkhanitsa njereza yonse yotsala m'dziko, n'kuitanitsa a kabaza onse a mumzinda kuti aikweze m'zigubu. Anapaka kuyambira patsinde mpaka pansonga, mwala uliwonse, mng'alu uliwonse, ndi dothi lomwe la pakati pa miyala. Pomaliza, phirilo linkathobwa m'maso, ndipo nyumba ya malata ofiira inakhala pamwamba pake ngati lipombo la tambala woyera.

Akazi awo, a Nachisale, anatuluka m'khitchini manja ali m'chiuno.

"Abambo, nkhuku zanga zakuda zija zabwerako zoyera. Tambala sakuzizindikira, akungozipatsa moni ngati alendo."

"Mayi, inu simukudziwa za dziko. Mawa nyumba ino idziwika kumwamba."

"Kumwamba tinkati tikadziwike ndi mapemphero. Inu mwasankha burashi."

Tsiku la Mlendo linafika. Bwalo lamasewera linadzaza. Amayi ovina anavala nsalu za nkhope ya mfumu, bandi ya apolisi inapukuta malipenga, ndipo pampando wapamwamba pafupi ndi mfumu anaikapo khushoni yatsopano. Dzuwa lili paliwombo, anthu onse anagadamitsa makosi. A Chimbalanga anayamba malonje awo atayang'ana kumwamba. Anali akadali pa kulonjera nduna, asanafike n'komwe pa akuluakulu a mipingo, pamene Dokotala anayang'ana wotchi yake.

"Wadutsa," anatero.

"Ndani?" inafunsa mfumu.

"Mlendo, Mwinidziko."

"Osaima?"

"Saima, Mwinidziko."

Nkhope ya mfumu inayamba kuchita mdima, koma a Chimbalanga sanakhale nduna chifukwa cha kutalika. "Ndi mlendo waulemu zedi, Mwinidziko," anatero mofulumira. "Sanafune kulemetsa eni khomo." Mfumu inagwedeza mutu, bandi inaimba nyimbo yotsanzika, ndipo chakudya cha Mlendo nduna zinamudyera.

Patapita masabata, Dokotala anapachika mapu aakulu pakhoma la bwalo la nduna. Anali ataphunzira kuyankhula ngati munthu woyenda pa minga.

"Apa ndi Kunalimitengo, Mwinidziko. Makina akuti masamba alipo, koma analibe chakumwa. Apa ndi Unkayenda. Makina akuti mtundu wake ndi wa madzi, koma chinyezi sanachipeze."

Mfumu inayasamula. Kenako diso lake linagwa pa chinthu chowala pafupi ndi mzinda, choyera kuposa chilichonse pa mapupo.

"Nanga ichi chowala ngati mwezichi?"

Dokotala anayang'ana a Chimbalanga. A Chimbalanga anatukula chifuwa.

"Ndi phiri la Ndionereni, Mwinidziko. Makina akuti pamwamba pake pali mwala woyera, wa mtundu umene amapangira simenti. Koma makinawa amaona khungu la nthaka lokha. Ntchito yathu simathera pa chithunzi. Ndiloleni ndipite ndi khasu ndikakande pang'ono, ndione kuti kuyerako kwalowa pansi bwanji."

"Ukakande?" Mfumu inadzuka pampando. "Mlendo wachoka kutali, watiyamikira kuti tili ndi chuma, iwe ukufuna ukaone ngati wanama? Kodi mlendo akakuuza kuti mwana wako ndi wokongola, umathamangira galasi kuti ukatsimikize? Ine ndimadziwa kale kuti miyala yathu ndi yoyera. Koma phiri lathunthu! Itanani okumba migodi a kunja. Phiri lonse likumbidwe, kuyambira pamwamba kutsika m'munsi. Tidzamanga misewu, tidzagulitsa simenti kwa mafumu a miyala yakuda aja. A Chimbalanga!"

"Wawa, Mwinidziko." Mawu anatuluka ngati a mwanapiye.

"Inu mwagona pa chuma zaka zonsezi osadziwa! Ulemu wonse ukhale wanu. Nyumba yanuyo ndiyo iyambe kugwa, ndipo riboni mudzadule inu nomwe."

Nduna zonse zinawomba m'manja. Zambiri mwa izo zinali zitatumizako antchito awo kukapaka phirilo, koma zinawomba ndithu. A Chimbalanga ndi amene anawomba kwambiri, poti manja awo anali atazolowera kuyamba okha mutu usanavomere.

Panja a Chimbalanga anam'peza Dokotala akukulunga mapu.

"Mwana wanga, tandithandiza. Sungalembe kuti makinawo analakwitsa?"

"Sanalakwitse, a Nduna. Munapaka bwino kwambiri."

"Ndiye kaiuze mfumu kuti ndi njereza ya m'chidebe."

"Kuti miyala ya dziko lino timachita kupaka? Kaiuzeni ndinu. Ine ndabwera kumene kuchokera kunja, sindikufuna kubwererako ngati kazembe."

Kunyumba, a Nachisale anamva nkhaniyo akusankha nyemba, ndipo sanasiye kusankhako.

"Ndiye akumba chiyani, abambo? Kuyera kwake n'kopyapyala ngati khungu la anyezi."

"Akazindikira atagwetsa kale nyumba, mayi. Ayambira pamwamba."

"Mapeyala anga aja ayamba kumene kubereka. Khonde ili njerwa zake ndinasenza ine pamutu, inu mukuloza. Muone chochita."

"Ndingachite chiyani? Mfumu yanena."

"Munkafuna kudziwika kumwamba. Mwadziwika."

Ku msika nkhani inali yomweyo. Wailesi inkalengeza m'mawa ndi madzulo kuti dziko la Ationabwanji latulukira chuma chimene chidzathetse umphawi mpaka kalekale, ndipo a Jailosi ankamvetsera akusisita msana.

"Chuma chimenechi ine ndinachikweza ndekha pa njinga iyi, m'zigubu," anatero. "Ndikanadziwa, ndikanasiyako chigubu chimodzi cha ana."

"Musadandaule, achimwene," anayankha Mayi Nasibeko. "Akuti tonse tilemera."

"Liti?"

"Nyumba ya a Nduna ikagwa."

"Aaa, ndiye ikagwa tikaonerere. Kumeneko ndiye kulemera kwathu."

Okumba migodi anatumiza uthenga kuti ali m'njira ndi makatapila awo okumbira. A Chimbalanga anaonda mpaka lamba anasowa bowo. Ankayendayenda pakhonde akugwira mizati ngati munthu wotsanzika abale.

Ndiye masana ena, kukutentha kwadzaoneni, mitambo inasonkhana kum'mawa. Kunachita mdima, mabingu anagunda mpaka mawindo kunjenjemera, ndipo chizimalupsa chinagwa ngati kumwamba kwabooka. Mvula sidziwa mwambo wa alendo. Inatsuka phiri la Ndionereni mwala ndi mwala, ndipo madzi oyera ngati mkaka anatsika m'makwalala mpaka kulowa mumsika wa Tamvakale. Mayi Nasibeko anakweza miyendo pa benchi n'kuyang'ana pansi.

"Achimwene, chuma chija chatipeza. Chikudutsa pansi pa benchi."

Mvula itakata, a Chimbalanga anatuluka panja. Phiri linali lofiirira monga analisiyira Mulungu. Asanaganize n'komwe anali atagwira kale burashi.

"Mayi! Alendo a migodi akubwera! Apeza posapaka! Itanani a kabaza!"

A Nachisale anaima pakhomo. "Khalani kaye pansi, abambo. Mukapaka, akumba, nyumba igwa."

A Chimbalanga anayang'ana nyumba.

"Mukapanda kupaka, Mlendo wanu uja ajambulanso, ndipo mfumu ifunsa kuti chuma chapita kuti. Amagona pa chumacho ndinu."

A Chimbalanga anayang'ana burashi. Kwa nthawi yaitali anaima pakati pa ziwirizo, dzanja likuyabwa. Munthu amene sanasiyepo mwala wosapaka pamaso pa mlendo, lero asiye phiri? Koma anayang'ananso khonde lija, malata ofiira aja akuwala ndi madzi a mvula, ndipo pang'onopang'ono anaika burashi pansi. Anakhala pa mwala wofiirira, n'kuyamba kuganiza mwamphamvu kuposa momwe anaganizirapo chiyambire unduna.

Sipanapite nthawi, bwalo la nduna linaitanidwa mwadzidzidzi. Pakhoma panali chithunzi chatsopano chimene okumba migodi anapempha kuti aone poyambira. Pamene panali mwezi paja panali banga lofiirira.

"Chuma changa chili kuti?" inabangula mfumu. "Phiri lathunthu! Lasanduka ngati la kumaiko osauka! Amagona pamenepo ndani?"

Mipando ya nduna inayamba kusuntha yokha, kutalikirana ndi wa a Chimbalanga. Nduna Yoona za Nyimbo Zotamanda inatsokomola n'kukumbutsa bwalo kuti kazembe uja wa kudziko la ndege yosabwerako wakalamba, akufunika wom'thandiza.

A Chimbalanga anagwada. Anawomba m'manja mosafulumira, ngati munthu amene wabweretsa nkhani yabwino.

"Mwinidziko, ndifunse funso la mwana. Kodi pakhomo panu panachokapo mlendo chimanjamanja?"

"Chiyambire makolo anga, ayi."

"Kazembe timam'patsa mbuzi. Bishopu timam'patsa nkhuku ndi thumba la mtedza. Nanga Mlendo wochokera kumwamba, amene sanadye, sanamwe, sanakhale ngakhale pa khushoni yanu, tikanam'patsa chiyani? Anayang'ana dziko lonse, Mwinidziko. Nkhalango sanaikonde. Mtsinje sanaukonde. Chimene anachikonda n'chimodzi, ndipo munaona nokha mmene anachiwalitsira pa chithunzi. Kwathu kuno mlendo akayamikira chinthu m'nyumba mwako, umachita chiyani?"

"Umam'patsa," inatero mfumu pang'onopang'ono.

"Ndinam'patsa, Mwinidziko. M'dzina lanu."

"Phiri lonse? Analinyamula bwanji?"

"Simunamve mabingu tsiku lija? Katundu wolemera sakwera mwakachetechete."

Mfumu inatembenukira kwa Dokotala. "Mwana wanga, iwe ndi wasukulu. Ndi zoona zimenezi?"

Dokotala anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene anadetsedwera. "Chimene ndingatsimikize, Mwinidziko, n'chakuti mabingu asanagunde, kuyerako kunalipo. Atagunda, kunalibe."

Mfumu inayang'ana banga lofiirira lija, inayang'ana denga, ndipo nkhope yake inayamba kuwala ngati mbandakucha.

"Ndiuzeni, akuluakulu. Ndi mfumu iti pa dziko lapansi imene inapatsapo mlendo phiri?"

"Palibe, Mwinidziko!" zinayankha nduna, mipando ikubwerera m'malo mwake.

"Mafumu ena amagulitsa chuma chawo ngati osauka. Ine ndimapatsa! Ilengezedwe pa wailesi. Okumba migodi aja apatsidwe mbuzi abwerere kwawo, kulibe chokumba. Nyumba ya a Chimbalanga isakhudzidwe ngakhale njerwa imodzi."

A Chimbalanga anamva miyendo ikufuna kuvina yokha. Anawerama mpaka chipumi kugunda pansi, akuona kale mmene akafotokozere a Nachisale, ndi mawu amene akawonjezeremo.

"Koma mlendo wotere sitingam'taye," inapitiriza mfumu ikusisita chibwano. "Dokotala, adzabweranso liti?"

"Amadutsa kawirikawiri, Mwinidziko. Mwezi sutha asanadutse kangapo. Wakhala akutero zaka zambiri."

Mfumu inagwira pamtima. "Zaka zambiri? Akudutsa pakhomo panga, dzuwa likumuwomba, mvula ikum'nyowetsa, wopanda pogoneka mutu? N'chifukwa chake saima! Aima bwanji pamene sanam'konzere pogona? Manyazi bwanji! Ndiuzeni msanga, m'dziko lino nyumba imene ili pafupi kwambiri ndi kumwamba ndi iti?"

Mitu yonse inangotembenuka.

"A Chimbalanga, inu mwambo mumaudziwa kuposa tonse. Mlendo akabwera, mwini nyumba amagona kuti?"

"Amam'siyira mlendo chipinda, Mwinidziko."

"Wa kumwamba sitingam'patse chipinda chokha. Mum'siyire nyumba yonse. Kuyambira lero, imeneyo ndi Nyumba ya Mlendo. Mayi a kunyumba kwanu akhale momwemo, aziyala bedi ndi kufunditsa madzi osamba, kuti tsiku limene Mlendo adzaime apeze zonse zili m'malo. Inu musamukire kukhitchini ya kuseri, muziyang'ana kumwamba. Mwamuna sangamangolowa m'nyumba ya mlendo ngati kwake."

Manja a a Chimbalanga anayamba okha kuwomba.

Nyumba ija ilipobe pamwamba pa Ndionereni, njerwa zonse zili m'malo, ndipo aliyense wa ku Sesapanja akatukula mutu amaiona. Ku msika wa Tamvakale amati ndi nyumba yokhayo ya boma imene inamangidwa isanatsegulidwe. A Nachisale ananenepa. Madzi osamba amawafunditsa m'mawa uliwonse monga mwa lamulo, ndipo Mlendo akachedwa amasamba okha kuti nkhuni zisapite pachabe. Bedi lalikulu lija amaligonera kuti lisachite nkhungu.

A Chimbalanga anayala mphasa pakati pa mafuwa ndi thumba la makala. Alendo akabwera kudzawaona, amawatengera panja, n'kuloza khonde ndi chala.

"Mukuiona nyumba yangayo? M'dziko lonse lapansi, ndi yokhayo imene amafikira wa kumwamba."

M'mawa wina kunazizira kwambiri, ndipo anakumbukira kuti jekete lawo la ubweya linatsala m'kabati ya kuchipinda chapamwamba. Anakonza kolala, anakwera masitepe a khonde limene anamanga okha, anavula chipewa, n'kugogoda.

"Odi kuno!"

Mkati munamveka supuni ikuzungulira m'kapu ya tiyi, mosafulumira.

"Mlendo akupuma, abambo," anayankha a Nachisale. "Mubwere mawa."